Mwala Umene Amayi Sanauphwanye

Ku Kalingalinga, m'mphepete mwa msewu,
amayi ankakhala chotambalala pa thumba la simenti,
nyundo m'dzanja, mwala pakati pa mphete ya tayala,
kho! kho! kuyambira m'bandakucha
mpaka fumbi litawameretsa imvi m'nsidze.
Wilibala imodzi, ndalama ya makala ndi kapenta.
Ine ntchito yanga inali kutola zodumphira mumsewu.

Tsiku lina nyundo inaima m'mwamba.
Anati, Tikambenji, tabwera udzaone.
M'mimba mwa chimwala chotuwa munali mano agalasi,
osongoka, othithikana
ngati anthu m'minibasi ya ku Kamwala madzulo.
Anaulavulira mate, kuupukuta ndi chitenje,
n'kuubisa pansi pa ntchafu
kuti wogula asauwerengere pa mulu.

Matenda oyenda chowerama anandiyamba pamenepo.
Kuseri kwa njanji,
m'maenje akale a ku Misisi
momwe madzi obiriwira amameza ana,
m'ngalande mvula ikakata.
Ndinkabwerako matumba a yunifolomu atabooka.
Wina wofiira ngati chiwindi.
Wina wosendeka ngati anyezi.
Wina wakuda bii, wolemera mwamwano,
umene unkakoka singano ya amayi.

Kunadzabwera Yotamu wa ku yunivesite,
kanyundo kake kowonda ngati ka dokotala.
Anadontheza mankhwala pa mwala wa pa mulu wathu,
mwalawo n'kuchita thovu.
Anati kalekale pano panali nyanja,
mukuphwanyazi ndi matope ake.
Amayi anaseka mpaka kutsokomola:
Nyanja ku Lusaka, komwe timagula madzi pa chigubu?
Koma usiku ndinawapezerera
atauika kukhutu.

Yotamu anandisiyira mawu amodzi okha:
mwala wosalembedwa kwawo ndi mwana wamasiye.
Ndiye ndinkang'amba katoni ya sopo n'kulemba:
Misisi, Lachiwiri, kunali mphepo.
Kuseri kwa njanji, tsiku lomwe atate sanabwere.

Ndinamufunsa, malo onsewa ndi a yani?
Anati a boma.
Nanga boma ndani?
Anati ndi tonsefe.
Ndinakhulupirira zaka zisanu ndi chimodzi,
mpaka m'mawa wina tonsefe tinadzuka
n'kupeza mpanda wa malata,
galu wowonda,
ndi mlonda wa chipewa choposa mutu wake.
Anandikhuthulitsa matumba.
Anayang'ana timiyala tanga pansi, n'kuyang'ana ine,
mlandu woti alembe unamusowa.
Tola, mwana wa eni, koma usadzabwerenso.
Lero pali sitolo ya magalasi okhaokha,
magalimoto amapuma pomwe nyundo inkalira.

Chifuwa chinawatenga mwezi wa Juni.
Adokotala anandionetsa chithunzi cha mapapo awo,
choyera mbee ngati msewu wa kwathu m'chilimwe.
Ndikamadutsa ku Kabulonga
sindiyang'ana maluwa, ndimayang'ana maziko a mipanda.
Zaka zawo zili m'menemo,
zoswedwa ting'onoting'ono, zokandidwa ndi mchenga,
popanda ndi kapepala komwe.

Chitini changa cha polishi chinabala mashelefu atatu.
Bambo a kunyumba amati tidzagwetsa nyumba ya lendi,
koma ndi omwewo anandibweretsera wofiirira wa ku Kafue
atabisa m'sokosi ngati akuba.
Ana amanyamula wa mano agalasi uja kukaonetsa kusukulu.
Ndimalola, bola ubwerere dzuwa lisanalowe.

Kapepala kake kafufutika kawiri.
Dzina lake la m'mabuku ndikulidziwa tsopano,
ndimatha ngakhale kulitchula osaluma lilime,
koma sindililemba.
Ndimalemba chomwecho chakalecho:
Kalingalinga, pansi pa ntchafu ya Esinati Mbewe,
tsiku limene nyundo inaima.