Kutsika Chowe M'mwezi wa Juni

Mwazini asanaitane ndamanga kale katundu:
makabichi makumi anayi pakaliyala,
malegeni atatu, limodzi lolumikiza ndi mfundo.
Chiperoni wagona pa Namwera masiku anayi tsopano,
mlendo wosadziwa kutsanzika.
Si mvula yoti munthu n'kuusa pakhonde, ayi,
amangowaza, amangonyowetsa,
amalowa pakhosi pa jekete ngati wodzatenga ngongole.

Abiti Sumani akundiveka majumbo a shuga m'manja,
akumanga pamkono ndi ulusi wa thumba.
"Zala zikauma muime," akutero.
Ndavomera. Tonse tikudziwa kuti sindiima.

Foni pakamwa, tochi yake ikunyambita msewu,
mikono iwiri kutsogolo, basi, kwinako ndi nkhungu.
Belu linafa chaka chatha,
ndipo mluzu sutuluka pamilomo yochita dzanzi,
choncho tcheni ndiye akundilankhulira,
kwe, kwe, kwe,
kudandaula za oyilo amene ndinamulonjeza Lachiwiri.
Thalauza lamata pamaondo.
Madzi a tayala lakumbuyo alemba mzere wa matope pamsana,
siginecha ya msewu, tsiku lililonse yomweyo.

Kenako Chowe.
Apa njinga imaiwala mwini wake.
Mabuleki onyowa amangopsompsona limu osaluma,
makabichi onse makumi anayi akukankha kumbuyo,
aliyense akufuna kukafika pa boma ine ndisanafike.
Ndaponda tayala ndi chidendene cha nsapato,
fungo la mphira wopsa likukwera m'mphuno,
moto wokhawo umene ndiothe m'mawa uno.

Pakona yachitatu sindiyang'ana kumanzere.
M'pamene Twaibu anapitirira ndi matumba ake a makala,
mwezi ngati uno, nkhungu ngati ino.
Tinatola makala masiku awiri.
Njinga yake ilipo, akwera ndi mlamu wake,
handulo yopindikabe pang'ono.

Anyani akhala pamwala atakumbatirana,
sakundiopa, sakupempha kanthu lero.
Lole ikukwera molira, yandithira chithaphwi chonse kumaso,
wothandiza dalaivala wakweza dzanja,
kaya kupepesa, kaya kuseka.

Ndiye mwadzidzidzi, ngati wina wadula ndi lumo,
nkhungu yathera pamwamba pa mutu wanga.
Milambe iyo, migwalangwa iyo,
fumbi louma lomwe silinamvepo za chiperoni.
Pa M'baluku anyamata a kabaza ali m'malaya odula manja,
akuloza majumbo anga:
"Achimwene, mwachokera ku Joni kodi?"
Ndikufuna kuyankha, nsagwada zakana.
Ndawoloka mlatho, Shire akufuka nthunzi pansi panga
ngati nayenso akundiseka.

Anthu amati Mangochi sadziwa kuzizira.
Amanena ali pansi pano, atakhala pamthunzi.

Mumsika mayi wina wagwira kabichi, wabweza dzanja:
"Iii, ngati wa m'filiji!"
Kenako akudula mtengo pakati,
akuti masamba akunja ali ndi matope.
Ndamupatsa. Matopewo ndi a kwathu, sindiwawerengera.

M'tiyirumu ya Che Mdoka ndafumbata kapu ndi manja onse.
Zala zikudzuka chimodzichimodzi,
chilichonse ndi ululu wake, ngati singano za telala,
chaching'ono chakumanzere ndicho chimachedwa nthawi zonse.

Ndawerenga ndalama kawiri pansi pa tebulo.
Zikukwana mphira watsopano wa mabuleki,
kapena juzi ya pakaunjika ya Asiyatu
amene amapita kusukulu atafunda chitenje cha amake.
Zonse ziwiri sizikwana.
Juziyo ndi yofiira, ili ndi chibowo chaching'ono pachigongono.
Ndaikulunga m'jumbo, ndaimanga pakaliyala ndi malegeni onse atatu.

Dzuwa lapendeka. Ndayang'ana kum'mawa:
mtambo uja ukadali chikhalire paphiri,
wandisungira malo.
Pokwera sipafunika mabuleki.
Nditsika, ndigwira handulo, ndikankha,
ine ndi njinga phewa ndi phewa,
ndipo chidendene cha nsapato, ndachiyang'ana bwino,
chikhoza kupirira mpaka Loweruka.