Njingayo Inalibe Vuto

Anandibwezera njinga yako Lachiwiri, Yobe,
itakwera pamwamba pa matumba a mtedza.
Ndaiunika paliponse.
Tcheni chili bwino, mabuleki akugwira,
palibe sipoko yothyoka.
Handulo yokha ndiyo yapindikira kumanzere,
mbali imene unagwera.

Ndimafuna ndipeze kanati kamene ndinaiwala kumanga,
kuti mlandu wanga ukhale wachitsulo,
woti munthu n'kuugwira ndi zala.

Ndinakudziwa uli wakabaza pa Kamwendo,
ukukweza amayi a tomato ndi madengu awo omwe,
chitunda chonse osatsika,
ndalama yake yosakwana ndi sopo.
Kenaka a Chimbalanga anaima ndi galimoto yoyera.
Anakuveka jezi yothina, chisoti chonga chigoba cha kamba,
nambala 47 kumsana,
nati miyendo yotere si yonyamulira tomato.

Usiku uja ku resitihausi magetsi atazima
tochi ya foni ndinagwira ndine.
Kabokosi ka ayisi, timabotolo topanda dzina,
singano ikusakasaka mtsempha pamkono pako.
"Ndi mavitamini awa," anatero a Chimbalanga,
"anzako onse akubaya."
Unandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana batire la foni.
"Malata makumi atatu, achimwene," unanong'ona,
"mvula ya chaka chino isawapezenso amayi pansi pa pulasitiki."

Kutacha unauluka.
Pa Kapiri ana anakuthamangira mpaka mpweya kuwathera,
akabaza anzako akuliza mabelu,
wina anataya chimanga chootcha n'kuvina.
Pa mlatho wa Rusa unali wekhawekha,
gulu lonse litatsalira ngati ngongole yakale,
ife m'galimoto tikumenya chitseko ndi zikhatho.

Patatsala pang'ono kuti Chinkhoma aoneke
unayamba kulemba njoka paphula.
Unadzutsa mutu ngati wina wakuitana dzina.
Basi.

Tayala lakumbuyo linapitiriza kuzungulira,
tiki, tiki, tiki,
nthawi yaitali, anthu atasiya kale kukuwa.
Ndinalimanga bwino tayala lija.

Dokotala ku Kasungu anati magazi ako anali phala,
mtima wa zaka makumi awiri ndi zisanu n'chimodzi
unatopa kulikankha.
Pamaliro ena amati ndi dzuwa,
ena amaloza mnyamata wa nambala 12,
akuti anamuona kwa sing'anga ku Mkanda.
A Chimbalanga anatumiza nkhata ya maluwa ndi thumba la ufa.
Foni yawo sikupezeka.
Ine ndinakumba nawo manda, ndinadya, ndinasamba m'manja,
pakamwa pali tsekee.

Dzulo kunabwera mng'ono wako Lekani.
Anaima pambali pa njinga,
nayeza chishalo ndi chiuno chake.
Miyendo yake ndi yako yomwe ija, Yobe.
Akufunsa ngati ndingachitsitseko pang'ono,
akuti wamva kuti galimoto yoyera ibweranso mwezi wamawa.

Sipanala ili m'manja mwangamu
kuyambira dzulo.