Lachinayi kwa Nangozo

Lachinayi, mdima ukangophimba milu ya kabichi pa Lizulu,
timasonkha ya petulo wa jenereta
n'kupanikizana pa mabenchi m'golosale ya Nangozo,
zipewa mpaka m'makutu, manja m'khwapa,
kudikira Kamtedza.

Kamtedza wa pa kanema,
kalaliki wa ku likulu la asilikali,
malaya oyera, ositidwa ndi simbi ya makala,
uja anabwezera kondakitala chenji chopitirira
ife n'kuwomba m'manja ngati ndi mphwathu.

Sanagwe tsiku limodzi.
Anayamba ngati lole ya kachewere
yoimikidwa pamtsetse popanda mwala kutayala:
umayamba wakayika ngati ikuyendadi.

Mwana wake anatupa mapazi, impso zikukana.
Kunabwera bambo wa mawu ofewa,
wa ku ofesi ya kazembe wa dziko loyandikana nalo,
analipira chipatala, nafunsa za mvula basi.
Gawo lachinayi anafunsa dzina la dalaivala wa bwana.
Dzina chabe.
Ngakhale ogulitsa mandasi pageti amalidziwa.
Gawo lachisanu ndi chiwiri anafunsa tsiku
limene malole amamwera mafuta.
Nangozo anagenda galasi ndi chitsekerero cha botolo:
Kana, mwana iwe, kana!
Kanema alibe makutu.

Tinamuonerera akuphunzira ntchito yatsopano:
kuseka mochedwa pang'ono,
kutseka chitseko ndi msana,
kujambula mapepala ndi foni m'bafa
mpopi atautsegula kuti uphimbe phokoso.
Mkazi wake anaona nsapato zachikopa pansi pa bedi,
anazipukuta fumbi, osafunsa.

Mwana anachira.
Envulopu sinasiye kubwera,
dzanja silinasiye kutambasuka.

Pamenepo m'pamene tinang'ambika pakati.
Dzoole wakabaza anati, mwana akamafa
dziko ndi nsalu yopachika pamtengo.
Aphunzitsi Chimbalanga, opuma ntchito, anagogoda benchi:
mwanayo anatuluka m'chipatala gawo lachisanu,
nanga za gawo lakhumi akugulira yani?
Ine ndinati chete,
ndikutokosa dothi la m'zikhadabo.

Usiku wa gawo lakhumi ndi chitatu
malole anafika pamlatho, ena atawadikira kale.
Anyamata asanu ndi mmodzi.
Mmodzi ndi uja ankamubenthulira chimanga chootcha,
ankamutcha achimwene.
Pamaliro Kamtedza ananyamula nawo bokosi,
phewa lake silinanjenjemere,
ndipo ataimba nyimbo, mawu ake ndiwo ankamveka bwino.

Jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima.
Palibe anaimirira.
Mumdimamo wina anafwenthera,
wina anatukwana mayi wa munthu wosakhalako,
Nangozo anayiwala kutitolera mabotolo.

Ndinabwerera ndekha m'mphepete mwa phula.
Kuno msewu ndiwo malire:
phazi ili kwathu, phazi ilo kwa eni,
nkhuku zimawoloka m'mawa osaonetsa chiphaso,
maliro timalira limodzi, chilankhulo n'chimodzi.
Mphepo inkatsika m'mapiri ngati yatumidwa.

Foni inanjenjemera m'thumba.
Ndi uja wakutsidya, wogula matumba usiku,
amene analipira fizi ya Tiyanjane
chaka chimene chiwawu chinapsereza munda wanga.
Sanandikumbutsepo ngongole, n'kamodzi komwe.
Amangofunsa tinthu:
pachipata pagona wapolisi uti lero,
galimoto ya oyendera malire yalowera kuti.
Tinthu todziwa aliyense wokhala pafupi ndi sikelo
ngati ine.

Si asilikali, ndinadziuza, ndi chimanga chabe.
Palibe mlatho, palibe bokosi.
Tiyanjane analemba mayeso chaka chatha,
anakhoza, ali ku Balaka, amasoka madiresi.

Ndinaima pakati pa mzere woyera,
kuwala kwa foni kukundiyeretsa chibwano
monga muja galasi limamuyeretsera Kamtedza.
Galu anauwa mbali ina ya msewu, sindikudziwa iti.
Chala changa chinali chitalemba kale
zilembo zitatu zoyamba za dzina.