Tiyi Padenga

Ine ndimalowa anthu akatsika.
Tsache, ndowa, kansanza kachikasu,
dzina pachifuwa: Esinati Namagowa.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikupukuta ndege pa Chileka,
koma kuuluka ayi,
ngakhale kungodumpha phiri la Michiru ili.

Lachinayi lija ya ku Joni inatera mochedwa.
Anthu anatsika chete, ngati ochokera kumanda.
Mayi wina anatula chikwama, nagwada paphula,
nagwira pansi ndi zikhato zonse ziwiri,
kufuna kumva ngati nthaka ndi yomwe ija.

Ndinalowa.
Tiyi padenga.
Osati pansi pomwe amatayikira masiku onse,
padenga penipeni, mzere wofiirira
wodutsa pamwamba pa mipando isanu.
Mpunga unamatirira m'mazenera a kumanzere.
Kansapato ka mwana kali kokha pakhomo la chimbudzi,
mandala othyoka mwendo,
ndi fungo lija la anthu amene mimba zawagonja.
Ndinaima, nsanza ili m'manja:
ndani amamwa tiyi chadodolido?

Anandinong'oneza ndi Lifa, wothira mafuta uja.
Akuti kaputeni anatuluka kukataya madzi.
Pobwerera anagogoda.
Wachiwiri wake, mnyamata wa ku Chilomoni,
anatambasula dzanja osayang'ana
kuti awatsegulire akuluakulu chitseko,
napotokola kabatani.
Koma kanali kena, koyandikana nako,
kamene kamakhotetsa chipsepse cha kumchira.

Ndege inamvera.
Ndege siifunsa kuti mukutanthauzanji, bwana.
Inapendeka, phiko lina kuloza dzuwa,
lina kuloza Zambezi,
inapendekabe,
mpaka mtsinje unakwera pomwe pamakhala mitambo,
ndipo amene anamasula lamba anauluka m'kati mwa chouluka.
Masekondi makumi awiri okha, akutero Lifa.
Ine makumi awiri ndimafinya nsanza kawiri.

Ndinampeza akadali pampando wake.
Mahedifoni pamwendo, kolala yonyowa.
Sankayang'ana mawotchi aja, ayi,
ankayang'ana dzanja lake,
kulitembenuza uku ndi uku
ngati ndalama yomwe akukayika kuti ndi yachinyengo.
Ndi dzanja lomwelo lomwe linaiwongola,
lomwe linaiteretsa mofewa pa Chileka,
koma zimenezo palibe adzazikumbuke.

Ndinafuna kumuuza za usiku wina ku Chirimba,
magetsi atazima, Tamandani akutentha thupi.
Ndinapapasa pa shelefu,
mabotolo awiri ofanana msinkhu,
ndipo supuni inafika pamlomo pa mwana
fungo la parafini lisanandifike m'mphuno.
Ndinathamanga naye kumsana mpaka pamsewu,
chitenje chikukwekwereka, ndikuimitsa galimoto iliyonse.
Anachira. Ali folomu thuli tsopano.
Palibe analemba lipoti,
palibe kabokosi kanasunga mawu anga a usiku umenewo.
Koma mpaka lero ndimanunkhiza supuni,
ngakhale ya phala.

Sindinamuuze.
Wa tsache salankhula ndi wa mizere ya golide paphewa.
Ndinangoti, pepani achimwene, kwezani miyendo ndisese.
Anakweza, ngati mwana wa sukulu ya mkaka.
Anati zikomo amayi.
Mawu ake anali ouma ngati deya.

Kenaka kunabwera a mataye ndi mafayilo awo,
anamutenga, natiuza tisakhudze kanthu kutsogoloko.
Za denga sananene.
Ndinavula nsapato, ndinakwera pampando,
dzanja limodzi kugwira kabati ya katundu,
ndi kuyamba kupukuta.
Tiyi wa mkaka akauma amakakamira.
Khosi linandiwawa, madzi a sopo
akutsikira m'mkono mpaka kunkhwapa.

Madzulo, m'minibasi ya ku Wenela,
dalaivala anasiya chiwongolero ndi dzanja limodzi
kufunafuna batani la wailesi, maso ali pamsewu.
Ndinaliyang'anitsitsa dzanjalo
mpaka pa Kameza.