Mtunda wa Nsapato Zitatu

Mwayatsa kale kamakina kanuko?
Kasendezeni kuno, mawu anga anatha ndi mphepo.
Lembani kuti Bergsveinn, basi.
Kuno ku Iceland, m'buku la manambala a foni
munthu timamufunafuna ndi dzina loyamba.
Lachiwirilo limangoulula amene anakubereka:
ine ndine wa Ketill, mwana wanga ndi wa Bergsveinn,
dzina limafa m'badwo uliwonse, wina n'kuyambanso.

Gogodani khoma ili.
Mwamva? Gwa!
Tayang'anani pazenera, muloze mtengo ngakhale umodzi.
Nyumbayi inamera ku Siberia.
Mitsinje yakumeneko inaba zipika, n'kupatsira nyanja,
nyanja n'kuzisunga zaka m'madzi oundana,
kuzithira mchere mpaka kuiwala kuwola,
kenako n'kudzazilavula pagombe la bambo anga.
Iwo ankathamangako ndi mpeni
kukalemba chizindikiro chawo, mafunde asanasinthe maganizo.
Chipika chimodzi chinatuluka khomo, bwato
ndi bokosi la mchimwene wanga Arnfinnur.
Limenelo musalembe.

Mkazi wanga Sigurlaug ali ndi abakha zikwi ziwiri
ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ndi wake.
Amabwera okha kuchokera kunyanja mu Meyi,
n'kudzizula nthenga zapachifuwa kuti afunditse mazira.
Ife timachezera usiku wopanda mdima
kupirikitsa nkhandwe ndi makwangwala,
iwo n'kutilola kutapa nthengazo, tikuikamo udzu wouma.
Palibe anasainirana pepala.
Zisa makumi asanu ndi limodzi, kilo imodzi yokha.
Tambasulani dzanja. Tsinzinani.
Ndaikapo kale, simunamve.

Mukuti zakale?
Mu 1783 nthaka inang'ambika kum'mwera,
inasanza moto miyezi isanu ndi itatu.
Utsi unagona pamsipu, mano a nkhosa anapindika,
munthu mmodzi pa asanu alionse sanaonenso udzu ukuphuka.
Zimenezo muli nazo kale m'mabuku anu ku Reykjavík.
Koma kodi munalemba kuti ndili mnyamata
wailesi yakanema inkapuma Lachinayi lililonse?
Galasi lake bii, nyumba zii,
mpaka tinkayamba kuyankhulana.
Sigurlaug ndinamufunsira Lachinayi,
panalibe china choonera.
Nawo mowa wa m'mabotolo, uja wa thovu, unali mlandu
mpaka ndinamera imvi zoyamba,
pamene ukali wowotcha kukhosi unkagulitsidwa poyera.
Musandifunse, si ine ndinkapanga malamulo.

Icho chapachikidwa pamsomalicho si nsomba youma,
ngakhale chinali nsomba.
Ndi nsapato ya bambo anga, ya chikopa cha nsomba,
yopyapyala ngati chikope.
Ankasoka zambiri, n'kuzimanga m'chiuno,
ina ikabooka n'kuitaya pamwala, kuvala ina.
Choncho phiri silinkayezedwa ndi makilomita.
Ukafunsa kuti kwa dokotala n'kutali bwanji
ankati: nsapato zisanu, kukakhala kouma.
Usiku umene Arnfinnur anatentha thupi
bambo ananyamuka ndi zinayi.
Anabwera ndi dokotala, mapazi ali psuu,
n'kupeza amayi atatseka kale makatani.
Iyi inatsalira pansi pa bedi.
Ndati musalembe, koma kamakinako kamva kale.

Mwafika nthawi yolakwika, mwana wa Oddný.
Dzuwa linatsekeredwa kuseri kwa phirilo mu Novembala,
masana athu ndi kambuu chabe.
Mudzabwere kumapeto kwa Januwale,
tsiku limene kuwala kumagwa koyamba padenga la tchalitchi.
Mudzi wonse umafulula khofi,
kukazinga timakeke topyapyala, kutipinda ndi jamu,
n'kumwera dzuwa ngati mlendo amene tinamukwiyira
koma wabwera ndithu.

Mukupita kwa Hallfríður tsopano?
Pagalimoto ndi mphindi makumi awiri, msewu akaukolopa.
Bambo akanati nsapato zitatu.
Tengani zinayi.