Wosoka Mayina ku Moatize

Ntchito yanga ndi mayina a eni ake.
Pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi njanji,
amanditulira maovololo m'mitolo
ndi kapepala kolembedwa mothamanga,
ine n'kumapalasa makina, ulusi woyera pansalu yofiirira,
chilembo chimodzichimodzi
pamwamba pa thumba limene limagunda ndi mtima.

Fumbi la malasha likatsamwitsa singano
ndimaimitsa phazi, n'kufunsa mwini chovala:
kodi dzina lanuli limati chiyani?

Wa ku Brazil anakanda m'mutu.
Pereira, akuti, ndi mtengo wa zipatso
umene unamera pakhomo pa kholo losadziwika
kutsidya kwa nyanja yamchere.
Ndinaseka chikhakhali. Munthu kusenza mtengo mpaka imvi
osakhalapo pamthunzi wake!

Mmwenye wa zamagetsi ndi Deepak.
Nyali, anatero, akuloza babu lakufa pakhonde langa;
m'mawa mwake linayaka, ndalama anakana.
Lin sanatsegule pakamwa. Anatola msomali
n'kulemba padothi timitengo tiwiri togundana mapewa:
nkhalango yonse m'zilembo zitatu,
ulusi wosakwana n'dzanja lomwe.

Nhamo wa ku Changara ndi Mabvuto wa ku Domwe
anakumanira pabenchi langa lothyoka mwendo
n'kupeza kuti amayi awo analira kulira kumodzi
m'zinenero ziwiri.
Anaduliranapo ndudu. Lero amachita lendi chipinda chimodzi.

Alipo Alfinete. Agogo ake ankaphika kwa Mpwitikizi
amene lilime linamukanika dzina lenileni
n'kungotola chomwe chinali patebulo: phini.
Lakale lija linagwera kuseri kwa kabati, silinapezekenso.
Mdzukulu akuyendetsa chigalimoto chotalika ngati tchalitchi
ali ndi kaphini pachifuwa.
Alipo Mbewe, amene kalaliki wa boma anamulemba Mbeue.
Amati ndisoke monga mwa chitupa
poti malipiro amalondola chitupa,
koma m'kati mwa kolala, momwe kapitawo sasuzumira,
ndimamuikira w wake, waulere.

Langa palibe anandifunsapo.
Ndinabadwira m'tchire, kuseri kwa Tsangano,
mfuti zikutsokomola kumbuyo,
ana atatu atatsala kale m'dothi.
Amayi anayang'ana kumwamba, kapena kwa anansi, sindidziwa,
nati: Mwatitha.
Asisitere a kumsasa anamva, napukusa mutu,
nalemba m'kaundula: Esperança.
Ndiye ndimayenda ndi awiri m'thupi limodzi,
wina akuloza chala, wina akudikira mvula.
Ngongole zimaitana Esperança.
Malungo akandigwira usiku, amene amavomera ndi Mwatitha.

Kontalakiti ikatha maovololo amabwerera,
ena ochapa, ena akununkhabe thukuta la mwini.
Amati: fafaniza, abwera atsopano.
Ndimatenga lezala n'kumadula mfundo,
munthu n'kumathothoka ulusiulusi pamiyendo panga.
Sabata yatha ndinasula Saide.
Sanachotsedwe ntchito iyeyo.
Anandiuza tsiku lina kuti lake ndi la Chiarabu, wokondwa,
ndipo ankasekadi, mano onse panja, ngakhale pa ngongole.
Nditakweza nsaluyo kudzuwa
timabowo ta singano tinkawerengekabe.
Ndinasokapo dzina lina, lalitali,
koma S anatsalira m'mphepete, akusuzumira.

Maulusi osulawo sinditaya.
Ali m'chitini cha mkaka pansi pa makina,
Chipwitikizi, Chinyungwe, Chisena, chathu,
zonse zapotana, woyera yekhayekha.

Dzulo foni yalira kuchokera ku Ulongwe:
mng'ono wanga ali m'chikuta, ndi wamkazi,
mchombo watsala pang'ono kugwa,
ndipo akuti wotchula dzina ndine.
Ine, wosoka a eni ake!
Usiku wonse sitima ya malasha yadutsa kawiri
ndili maso, chitini pamiyendo,
kufunafuna ulusi umene sunalowepo m'singano.