Choko pa Chitseko

Ine ndine telala wa pakhonde la a Ajasi, kuseri kwa msika,
munthu woyeza kawiri asanadule.
Funsani kuyambira pa boma mpaka ku Chowe:
thalauza yanga sikwakwa pansi,
kolala yanga siluma khosi.

Sabata ya Idi ndinkasoka mpaka maso kuchita chidima,
mikanjo khumi ndi iwiri, eni ake onse akuti mawa.
Ndinafika pakhomo agalu atatopa kuuwa,
ulusi uli m'tsitsi,
n'kupeza Twaibu ali gone pamkeka,
thupi ngati simbi yoiwalika pamakala.
Mayi ake, Asiyatu, tulo titawagwira chokhala,
mutu pakhoma, kansalu konyowa kadakali m'manja.
Ndinati ndisawadzutse.
Nzeru zanga zonse zinathera pomwepo: ndisawadzutse.

Botolo la panado linali pawindo.
Kachikho koyezera sindinakaone,
ndinatola supuni ya phala, yaikulu ija,
foni ndaluma kumano kuti iwunike.
Anameza, n'kunyambita milomo. Paja ngozuna.
Thupi litakana kuzizira
ndinawonjezera ina tambala asanalire.

Mwazini atangomaliza kuitana
Asiyatu anakwezera botolo ku kuwala kwa pakhomo.
Lijatu linali lodzaza dzulo, anatero,
ine ndamupatsa kawiri kokha, madzulo ndi pogona.
Mwanaidi, wa sitandade sikisi, anayamba kulira asanafunsidwe.
Nayenso anamupatsa, amayi ali kumjigo,
poti mlongo wake ankangoti mutu, mutu.

Tinayang'anana.
Anthu atatu, botolo limodzi, mwana wa zaka zitatu,
aliyense kumukonda payekha, osauza mnzake.

Mwini wake nkhani anali panja,
akukoka galimoto ya mawaya, akulamula nkhuku zipatuke.
A Mdoka, oyandikana nawo, anati,
Si uyu wachira? Musadzivutitse, mumwetseni mkaka basi.
Ndinatsala pang'ono kuwamvera.
Koma ndasokapo nsalu yowala kunja
ulusi wake utafumbwa m'kati,
imene imang'ambika tsiku la ukwati.

Tinakwera kabaza atatu, botolo m'thumba la malaya
likundigogoda pamtima pabampu paliponse.
Pamlatho ndinayang'ana pansi:
Shire ankangopita zake, osafulumira,
ngati kuti palibe amene walakwa.

Namwino sanakalipe. Bwenzi zitandipepukira akanakalipa.
Anamuika pasikelo, n'kutenga cholembera.
Nthawi yanji? Supuni yotani? Kangati?
Ine wosunga m'mutu chiuno cha theka la tauni
ndinalibe nambala ngakhale imodzi.
Mwachita bwino kubwera msanga, ndi botolo lomwe, anatero.
Mankhwalawa akachuluka sakuwa ayi,
mwana amatha kusewera
iwo akugogoda pachiwindi mwakachetechete.

Singano inalowa m'kadzanja kaja.
Ine ndimadziwa singano, ndimadya za singano,
koma iyi ndinaithawa maso.
Diripi inkadontha, ine n'kumawerenga,
dontho, dontho, dontho,
kuyeza mochedwa.

Idi inatipeza mu wodi.
Kunja ana a eni ake ankadutsa m'zovala zatsopano,
ena m'zakale chifukwa cha ine,
foni ikulira m'thumba, ine osayankha.
Asiyatu sanandiloze chala, ine sindinamuloze.
Mwanaidi ndiye anakana kudya
mpaka ndinamukhazika pansi n'kumuuza:
supuni yaikulu inali yanga, mwanangu, osati yako.

Tsiku lachitatu dokotala anayang'ana pepala la magazi,
anagwedeza mutu kamodzi, n'kuti, Pitani.
Twaibu anafunsa za galimoto yake.

Tsopano kuseri kwa chitseko chathu kuli zolemba
za choko changa chabuluu, chodulira nsalu:
tsiku, ola, dzina la wopereka.
Kachikho koyezera ndinakamangira ulusi pakhosi pa botolo,
botololo lili pamwamba pa kabati, posafika mwana.
Ndipo ndikafika usiku, wina atagona chokhala,
ndimamugwira paphewa.
Dzuka kaye.
Wamupatsa nthawi yanji?